Mabuku a Alendo ndi Dooko la Bandawe

Masiku ano achuluka mabuku a Chingerezi olembedwera alendo amene afika kudzaona dziko lathu. Tawerenga angapo pofuna kumva chimene anena za Chintheche, ndipo onse abwereza mawu amodzimodzi monga ana a sukulu oloweza phunziro: mchenga woyera, madzi oyera, nyumba zogona alendo ndi mitengo ya zipinda zake. Ena awonjezapo mizere iwiri ya manda a Azungu a Misyoni pa Makuzi ndi ya tchalitchi chakale cha Bandawe, ndipo akatero amkweza mlendo pa galimoto napita naye ku Nkhata Bay. Sitinena kuti alemba bodza, pakuti mchengawo ulipodi. Koma tili nawo mlandu. Buku louza mlendo kuti kuno kulibe kanthu kena koma mchenga limletsa kuyenda pansi, ndipo iye wosayenda pansi abwerera kwawo madzulo osakomana ndi eni dziko. Choipa choposa n'chakuti ana athu omwe, powerenga zotere, ayamba kuyesa kuti kwawo ndi malo osambirako okha.

Owerenga Machitidwe a Atumwi akumbukira kuti Paulo, potengedwa kunka ku Roma ali wam'nsinga, anatsika m'ngalawa pa dooko la Puteoli m'dziko la Italy, napezako abale, nakhala nawo masiku 7. Mzindawo ulipo kufikira lero, dzina lake Pozzuoli, pafupi ndi Naples. M'masiku a Paulo ngalawa za tirigu zochokera ku Alexandria zinkatula katundu pamenepo. Koma pambuyo pake mafumu a Roma anamanga dooko lina pafupi ndi mzinda wawo, ndipo Puteoli anatsala m'mbuyo. Alendo a lero athamangira ku Pompeii. Woyenda pansi yekha ndiye aona nsanamira zitatu za msika wakale, zobooledwa ndi tizilombo ta m'nyanja chifukwa nthaka ya pamenepo inamira m'madzi nikweranso.

Bandawe anaona zomwezo. M'chaka cha 1881 Dotolo Robert Laws anachotsa Misyoni ya Livingstonia ku Cape Maclear, kumene malungo anali kupha antchito ake, naikhazika kuno, ndipo sitima ya Ilala inkaima pagombe lino ndi makalata, nsalu ndi mabuku. Koma malungo anamtsatira, ndipo mu 1894 anakwera ku Khondowe. Gombe la kuno lilibe pobisalira mphepo ya mwera, chotero sitima zinakonda Nkhata Bay. Ndi Boma lomwe, limene linakhala pa Chintheche zaka zambiri, linasamukira komweko. Apo ndipo alembi a mabukuwa alekezera, monga ngati mbiri ya pamalo itha tsiku limene Mzungu amanga katundu wake.

Mlandu womwewo tiuika pa mabuku ena a ife eni a Mpingo. Buku la W. P. Livingstone lonena za moyo wa Laws, lotuluka mu 1921, n'lokoma kuwerenga, ndipo palibe wokana kulimba mtima kwa Dotoloyo ndi kwa anzake ogona pa Makuzi. Koma wolemba anayang'ana munthu mmodzi, ndipo Atonga aoneka m'menemo monga khamu loima pambali. Kodi Laws anapeza gombe lopanda anthu? Iyayi. M'zaka za m'ma 1870 Atonga ambiri anathawa ukapolo wa Angoni a M'mbelwa, natsikira kunyanja, namanga malinga aakulu: la Mankhambira pa Chintheche, la Marenga pa Bandawe. Angoni powalondola anagonja pa nkhondo ya pa mtsinje wa Chintheche. Mafumu amenewa anawalandira Azungu ali ndi nzeru zawozawo, pofuna bwenzi lowatchinjiriza ku nkhondo, ndipo sukulu anailandira chifukwa anaona msanga chimene idzagulira ana awo.

Tsono mlendo wa tsiku limodzi alawire m'mamawa dzuwa lisanatenthe, achoke pa msika wa Chintheche nalowere kummwera, osatsata msewu wa tala, koma tinjira ta m'minda ya chinangwa ndi ta m'mbali mwa madzi. Adzapeza usipa pa thandala, amayi akuvuula chinangwa cha kondowole, ndi anthu omfunsa kumene achokera. Pamenepo nayenso afunse. Afunse za Chifira, mudzi wa pafupi ndi Bandawe kumene Clements Kadalie anabadwira mu 1896. Mwana uyu wa sukulu ya Misyoni anayenda kufikira ku Cape Town, ndipo mu 1919 anasonkhanitsa antchito a padooko nayambitsa bungwe la ICU, limene pofika 1927 linali ndi anthu ngati 100,000, nilinjenjemeretsa Boma la South Africa. Buku lonena za gombe lino losatchula munthu ameneyu lasiya nkhuni n'kutola masamba.

Afunsenso za Elliot Kamwana. Ife a Mpingo sitivomereza chiphunzitso cha Watch Tower chimene iye anadza nacho, ndipo tsiku limene analosera, la mu 1914, linapita osaoneka zimene ananena. Koma kukana chiphunzitso si chifukwa chobisira mbiri. Kuyambira kumapeto kwa 1908 kufikira kuchiyambi kwa 1909 anabatiza anthu oposa 9,000 m'dziko lino la Atonga, ambiri a iwo otopa ndi kudikira zaka m'makalasi a Misyoni asanaloledwe ubatizo. Boma linamchotsa, ndipo sanabwerere kufikira 1937. Khamu lotere lifunsa Mpingo funso limene suyenera kulithawa. Chomwechonso Mbusa Yesaya Zerenji Mwasi, mmodzi wa atatu oyamba kudzozedwa ubusa ndi Livingstonia mu 1914, amene mu 1933 anatuluka nayambitsa mpingo wake chifukwa cha kupeputsidwa kwa abusa akuda. Ena a inu muli ndi agogo amene anatsata mmodzi wa awiriwa, ndipo mudziwa kuti sanali anthu opusa.

Akafika pa Bandawe wakale, mlendoyo alowe m'tchalitchi cha njerwa chomangidwa cha m'ma 1900, m'masiku a Mbusa A. G. MacAlpine, pambuyo pa chitsitsimutso chimene chinadzaza makalasi. Mabuku a alendo ayamika kukula kwake, ndipo achita bwino. Koma sanena za manja amene anaumba njerwazo ndi mitu imene inazisenza. Pa manda a pa Makuzi avule chipewa, awerenge zaka za ogona pamenepo, pakuti ambiri anafa akali anyamata. Ndipo aonenso nyanja, imene sikhala malo amodzi: inaphwa kwambiri mu 1915, inasefukira mu 1980 ndi mu 2024, kotero kuti mchenga umene buku lautama chaka chino ungakhale pansi pa madzi chaka chamawa.

Alipo alembi amene anachita bwino. J. van Velsen anakhala pakati pa Atonga natulutsa buku la chibale chawo mu 1964, ndipo John McCracken mu 1977 analongosola mbiri ya Livingstonia mopatsa Atonga malo awo. Koma awa ndi mabuku olemera, a Chingerezi chovuta, okhala m'nyumba za mabuku za ku Zomba ndi ku Mzuzu. Kabuku kakang'ono ka masamba 20, ka Chitonga ndi Chichewa, kolongosola njira yochokera pa Chintheche kufikira pa Makuzi mudzi ndi mudzi, akulu a mpingo wa Bandawe angathe kukalemba, nkhalamba zodziwa pamene panali linga la Marenga zikali ndi moyo.