Dimba la m'galasi: ndemanga ya buku la Diana Walstad

Pawindo la nyumba yanga kuno ku Zomba pali thanki ya galasi yosungiramo nsomba, ya malita 60. Kwa zaka ziwiri chilichonse chimene ndinkabzalamo chinkafa. Ndinkazika zomera m'timiyala totsukatsuka, pakatha mwezi masamba achita chikasu, ndere zakuta galasi lonse. Magetsi akathima pampu inkaima, nsomba n'kumapuma wefuwefu pamwamba pa madzi. Ndili m'mavuto amenewa m'pamene ndinapeza Ecology of the Planted Aquarium, buku la Diana Walstad wa ku North Carolina, lomwe linatuluka koyamba mu 1999 ndipo analisindikizanso kachinayi mu 2023.

Mfundo yake mlimi aliyense wa kudimba angaimve. Mayi Walstad akulangiza kuyala dothi lenileni pansi pa thanki, lokhuthala masentimita 2.5, kulikwirira ndi timiyala, kenako kubzala zomera zambiri tsiku loyamba lomwelo. Feteleza wake ndi chakudya chimene mumapatsa nsomba. Zotsala ndi ndowe zikamawola, tizilombo ta m'dothi timatulutsa mpweya wa carbon dioxide umene masamba akufuna. Gawo limene linanditsegula m'maso ndi la amoniya, poizoni amene nsomba zimatulutsa. Mayiwa asonkhanitsa umboni woti zomera zambiri za m'madzi zimakonda kuyamwa amoniyayo kuposa nitrate, kutanthauza kuti zomerazo ndizo sefa. M'tauni imene magetsi amachoka osatsanzika, imeneyi si nkhani yamasewera. Ndinayesa. Tsiku lina magetsi anathima kuyambira m'mawa mpaka madzulo, koma dzuwa la pawindo linkagwira ntchito: tinthovu ta mpweya tinali ndondondo m'mphepete mwa masamba, matemba anga asanu akusambira pansi mosatekeseka.

Chinanso chimene bukuli landithandiza ndi kumvetsa madzi athu. A m'mipopi ya m'tauni muno amatsika kuchokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri, ndipo ndi opepuka, sopo sachedwa kuchita thovu. Madzi otere, bukuli likutero, amaperewera calcium ndi magnesium. Vallisneria, chomera cha masamba aatali ngati maliboni chimene chimamera m'malo osaya a nyanja ya Malawi, chimakonda madzi okhala ndi calcium ndi magnesium wambiri chifukwa chimatha kutenga chakudya chake ku bicarbonate. N'chifukwa chake changa chinkangofota. Nditasinja zigoba za nkhono n'kusakaniza ndi dothi, chinayamba kuyanga.

Komabe bukuli si lophweka. Lili m'Chingerezi cha asayansi, ndipo masamba ena adzaza manambala ndi zizindikiro za Chemistry moti amene anaisiyira ku Fomu 2 adzatuluka thukuta. Chopulumutsa ndi mafunso a anthu wamba amene mayiwa awayankha m'timabokosi apa ndi apo; ndikulangiza kuyambira pamenepo. Vuto lalikulu kwa ine n'lakuti silikunena za dothi lathu la kuno. Katondo wathu, makande a kudambo, dothi la m'munda mothiridwa Urea chaka ndi chaka, zonsezi muyenera kudziyesera nokha.

Pamene Mayi Walstad akuyamikira zomera zoyandama, zimene zimapuma mpweya wa kunja n'kulanda ndere chakudya, akunena zoona. Koma wowerenga wa kuno asathamangire namasupuni. Tikudziwa mmene waunjikanira mu Shire pa Liwonde ndi mmene amasokonezera makina a magetsi ku Nkula. Kamtsitsi kamodzi kotayidwa mu Likangala kangathe kukafika ku Chilwa, nyanja yopanda potulukira madzi, imene asodzi a matemba ndi makumba amadalira.

Ndikanakonda ophunzira a ku Yunivesite ya Malawi ndi akatswiri a ulimi wa nsomba a ku Domasi ataliwerenga, kenako n'kutilembera lathu m'Chichewa, lotchula zomera za m'madambo a Chilwa ndi mayina amene asodzi amazitchulira. Podikira zimenezo, ndabzala zomera m'mabotolo awiri pawindo pomwepo, lina la katondo, lina la makande. Patha milungu itatu tsopano. La katondo madzi akadali ofiirira, koma m'la makande ayera mbee, ndipo timizu toyera tayamba kuoneka m'mbali mwa galasi.