Dziwe la Monet

Tikamva zoti wojambula uje amakonda cilengedwe, ambiri timaganiza za njobvu, mlambe ndi dzuwa lofiira likulowa, zija zogulitsa kwa alendo. Claude Monet wa ku France analibe nazo nchito zimenezo. Zaka pafupifupi 30 zothera za moyo wake anangoti maso dwii pa dziwe limodzi, nalijambula m'zithunzi pafupifupi 250.

Dziwelo linali lokumbitsa. Anasamukira ku Giverny mu 1883, ndipo mu 1893 anagula dambo pafupi ndi nyumba yake, napatutsa madzi a kamtsinje, nabzalamo akakombo. Anthu a m'mudzi poyamba anakana, ati maluwa acilendo adzaononga madzi omwe ziweto zao zimamwa. N'cifukwa cake ine sindivomerezana nao amene amati Monet anali kumvera cilengedwe. Mkuluyu anali ndi anchito a m'dimba, wina nchito yake kuyenda m'bwato kuyeretsa dziwelo. Cilengedwe cotere cimafuna ndalama, ndipo panthawiyo iye anali nazo.

Cimene ndalama zinalephera kugwira ndi kuwala. Madzi a m'mawa si madzi a masana, ndiye ankabwerera pamalo amodzimodzi ndi nsalu ina. M'zithunzi zambiri za akakombo mulibe gombe, mulibe pomwe thambo likumana ndi dziko. Mitambo uiona m'madzi cabe, ndipo diso lako limasowa poponda. Pamenepa ndimamuvulira cisote.

Mu 1912 anamupeza ndi ng'ala m'maso. Zithunzi za kamlatho ka padziwepo zimene anajambula maso atafooka n'zofiira, zoderako, penti waunjikana ngati thengo likupsa mu Okutobala. Ena amati ndi matenda cabe, osati luso. Ine ndimazikonda kuposa zija zosalala za pa makalenda, cifukwa munthuyu sananamize kuti akuonabe bwino. Anapaka cimene diso lodwala linam'patsa, ngakhale kuti zina anazing'amba ndi mkwiyo.

Anamwalira mu 1926. Caka cotsatira, zithunzi zake zikuluzikulu za akakombo zinatsegulidwa ku Orangerie mu Paris, m'zipinda ziwiri zozungulira ngati dzira, msinkhu wake mamita awiri. Ife kuno timazionera pa foni, dziwe lonse n'kukwana m'dzanja, ndipo ndi pamenepo zimaoneka ngati maluwa a pa citenge. Ukatsegula, kuza cithunzico mpaka duwa lisowe, utsale ndi mikwingwirima ya bulashi.