Za Masewera Omanga Nsanja

Tiyamika masewera a pa kompyuta ndi foni ochedwa Kingdom Rush, amene a Ironhide a ku Uruguay anaturutsa m'caka ca 2011. Adani adzera m'njira yodziwika, ndipo wosewera amanga nsanja m'mbali mwace: za mauta, za asilikali, za amatsenga ndi za mizinga. Golidi womangira ngwocepa. Cifukwa cace apambana ndiye wolingalira asanamange, monga mlimi acinga munda nguluwe zisanafike.

Koma masewera otsatira a 2018, ochedwa Vengeance, atidetsa nkhawa. M'menemo wosewera atsogolera ankhondo a mfiti Vez'nan, ndipo pa foni nsanja zina zigulidwa ndi ndalama zenizeni. Pamene panafunika nzeru yokha, tsopano thumba lilankhulapo. Makolo, penyani cimene ana agula. Ndalama ya mbeu isathere pa linga la m'cithunzi.