Nsima ya pa maliro ndi dzanja la agogo anga

Nsima ya anthu asanu aliyense angathe kuphika. Ya pa maliro, pamene mudzi wonse ndi midzi yoyandikana yasonkhana, ndi ntchito ina, ndipo amayi oidziwa bwino m'dera lililonse ndi owerengeka. Agogo anga, mayi wa Chigwirizano mu mpingo wa CCAP chakufupi ndi phiri la Nkhoma, anali mmodzi wa iwo. Anatisiya atakalamba kwambiri, koma kwathu akamatchulidwa, nkhani imafika msanga pa m'phika waukulu.

Chigwirizano cha Amayi chinakhazikitsidwa ku Nkhoma mu 1940, patapita zaka zoposa 50 chifikireni amishoni a Dutch Reformed ku Mvera mu 1889. Ambiri amawadziwa amayiwa ndi bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera, akuimba pa siwa kapena atanyamula nkhata kulowera kumanda. Agogo ankaimba nawo ndithu, koma malo awo enieni anali kuseri kwa nyumba, pa mafuwa. Ankamanga chitenje chakale pamwamba pa yunifomu, ndipo nthawi ya mapemphero ikakwana ankachimasula n'kukalowa pamzere bulauzi ilibe ndi kadontho komwe ka mwaye.

Ankayamba ndi ufa, moto usanakolezedwe. Pa maliro nyumba iliyonse imasonkha mbale yake, choncho umabwera ufa wamitundumitundu: woyera wa mphale yoviika, mgaiwa, wina wouma bwino, wina woyanulidwa mofulumira usanaume. Mayi wosadziwa amangokhuthulira zonse m'dengu limodzi. Agogo ankatapa pang'ono mbale iliyonse, kufikisa pakati pa zala, kununkhiza, kenaka n'kuika padera. Mgaiwa umachedwa kupsa ndipo umamwa madzi mosiyana ndi ufa woyera, motero ankaupatsa m'phika wake. Wonyowa uja unkayamba kuphikidwa usanasase. Akuchita zimenezi maso awo ankakhala kunjira, kuona anthu akubwera, ndipo ankafunsa ngati malemuyo anali ndi abale ku Dedza kapena ku Lilongwe amene afike mochedwa. Muyeso wa madzi unkachokera pa mayankho amenewo.

Mafuwa ankaika okha. Ankakhazikapo m'phika wopanda kanthu, kuugwedeza uku ndi uku, kukumbira fuwa limodzi mpaka utakhala nji. M'phika wodzaza phala lowira ukapendekeka pali ana pafupi, maliro amasanduka awiri. Mapesi ndi zitsononkho ankazikana, ati zimalilima kamphindi n'kuzilala pamene ukuzifunitsitsa. Ankafuna zikuni zazikulu zosunga makala.

Pa phala ndi pamene luso lawo linali kuonekera kwambiri, ndiponso pamene anali kuvuta. Madzi ankawayesa kuseri kwa dzanja. Akafunda, osati kuwira, ankawaza ufa pang'onopang'ono akutakasa, ndipo akavindikira panalibe wowafulumizitsa, ngakhale amfumu atatuma mnyamata kudzafunsa. "Nsima imapsera pa phala, ana inu," ankatero. Amene anadyapo nsima yosapsa pa maliro, yonunkha ufa n'kukutsegula m'mimba uli panjira yobwerera, adziwa chifukwa chake ndimati agogo ankalondola. Phala likabwata mokwanira ankapungulako lina m'beseni, loti adzafewetsere nsima ikalimba.

Povundula pankafunika anthu atatu. Mmodzi ankagwira m'phika ndi chiguduli, wina ankawaza ufa, agogo ali ndi mthiko wautali wofika m'chifuwa. Ankaima mwendo umodzi patsogolo, kulowetsa mthiko mpaka pansi penipeni, kukoka nsima ya pansi kuibweretsa pamwamba, n'kuikanikizira m'mbali mwa m'phika kuti mibulu iphwanyike. Mphamvu inkachokera m'chiuno ndi m'miyendo. N'chifukwa chake atsikana amphamvu ovundula ndi mikono yokha ankatopa m'phika umodzi usanathe, pamene nkhalamba yochepa thupi imeneyi inkapita pa wachiwiri ikung'ung'udza nyimbo. Wowaza ufa sankauzidwa ndi pakamwa. Agogo akagwedeza mutu ankawonjezera, akatukula chigongono ankaleka. Nsima ikayamba kufwenthera ndi kutulutsa mpweya, ankasolola chikuni chimodzi, kuvindikira pang'ono, n'kudikira fungo la nkhoko yoyamba kugwira pansi. Fungo limenelo likangomveka, m'phika unkachoka pamoto usanapserere.

Kuomola nako kunali ndi chilungamo chake. Chipande chinkaviikidwa m'madzi mtanda uliwonse, ndipo mitanda inkatuluka yosalala ndi yofanana, moti panalibe woyang'ana mbale ya mnzake. Oyamba kulandira anali adzukulu, amene akhala akukumba manda kuyambira mbandakucha. Kenaka alendo ochokera kutali, kenaka ena onse. Anamfedwa ankawaphikira payokha nsima yofewa m'kapoto, ndi nkhwani wotendera kapena nyemba zopsa mpaka kusungunuka, poti khosi lolira usiku wonse silimeza cholimba. Ankapita nayo okha m'nyumba ya siwa, kukhala pamphasa pambali pa wamasiyeyo, kumusambitsa m'manja, osachoka mpaka atatema mbamu ziwiri kapena zitatu. Kwa ine, apa ndi pamene ntchito ya mpingo ndi ya kukhitchini zinkakhala chinthu chimodzi. Ndipo sankafunsa ngati womwalirayo anali wa mpingo wawo.

Chaka cha njala cha 2002 chinawayesa koposa. Maliro anachuluka, mbale zosonkha zinkabwera zosadzaza, zina zili ndi gaga. Ufa ukaoneka kuti sukwanira, agogo ankalamula kuti kuphikidwe phala lolimbirako, aliyense alandire kapu yake, kusiyana n'kuti ochepa adye nsima ena abwerere chimanjamanja. Panali ong'ung'udza kuti zikunyozetsa banja lofedwa. Iwo sanasinthe maganizo, ndipo ndikhulupirira anachita bwino.

Mikono itafooka anasiya mthiko, koma kuseri kwa nyumba sanachokeko. Amayi anzawo a Chigwirizano ankawayalira mphasa pamthunzi pafupi ndi mafuwa. Maso anali atachita khungu pang'ono, choncho ankaphika ndi makutu ndi mphuno. Ankamva kulira kwa phala n'kunena kuti silinapse, kapena kuitana mtsikana amene wagwira mthiko: "Iwe mwana wanga, fika pansi, ukungosisita pamwamba." Anthu akabalalika ankatsala kuonetsetsa kuti nkhoko zagawidwa kwa ana, mkute wasungidwira ogona pa siwa, ndipo m'phika uliwonse wobwereka wakwechedwa ndi mchenga n'kubwezedwa kwa mwini wake dzuwa lisanalowe.