Kusuntha Khumi Koyamba

Madzulo ena ku Area 18, pakhonde la nyumba ina, ndidaima kuonerera mnyamata ali yekha ndi bolodi ya chess yapulasitiki, yopindika m'makona. Ankakankha pawn ya patsogolo pa mfumu mabokosi awiri, n'kutambasula dzanja kumbali ya zakuda, n'kudziyankha yekha ndi c5. Kayambidwe kotchedwa Sicilian kameneko. Akasuntha kakhumi ankabweza zonse, n'kuyambiranso. Maminibasi akuliza mahutala kumsewu, iye osadzutsa mutu.

Ambirife timathamangira kumapeto, pomwe mfumu yasowa kothawira. Ine chimandigwira mtima ndi poyambira: kutulutsa hatchi msanga, kulanda pakati pa bolodi, kubisa mfumu pakona kusanaipe, kuugwira mtima osatulutsa queen ngakhale dzanja likuyabwa. Pampikisano wa aliyense, monga Mdina Open, mwana wasukulu atha kugwera tebulo limodzi ndi katswiri ngati Joseph Mwale kapena Chiletso Chipanga m'raundi yoyamba. Muholo mumangoti zii. Zomveka ndi mawotchi okha kuti tcha, tcha, ndi mabolopeni akukanda pamapepala. Chimene wakhudza uchisunthe basi, palibe zobweza ngati pakhonde paja.

Popanda kukonzekera kotereku, mwanayo angagwe pasanathe mphindi 15, n'kubwerera kwawo asanafike n'komwe pakati pa masewero, pomwe nzeru zakezake zikadaonekera. Koma chifukwa cha madzulo ambirimbiri aja, amakhala maola atatu maso ndi maso ndi katswiri, katswiriyo atagwira chibwano, wotchi yake ikudya nthawi.