Dotolo wa Kumudzi: Kodi Analidi Wamwayi?

Buku lochedwa A Fortunate Man, ndiko kunena kuti "Munthu Wamwayi," linalembedwa m'Cingerezi ndi John Berger, ndipo linasindikizidwa m'caka ca 1967. Zithunzi zace anajambula ndi Jean Mohr wa ku Switzerland. Nkhani yace si nthano ai. Ndi mbiri ya dotolo weniweni wa m'mudzi wa St Briavels, m'dera la nkhalango lochedwa Forest of Dean, ku England. Mlembi anabisa dzina lace lenileni namucha John Sassall.

Pa Nkhondo Yaikuru Yaciwiri, Sassall anali dotolo wa m'zombo za nkhondo. Anang'amba ndi kusoka anthu ovulala pa zisumbu za Dodecanese, zimene lero ziri za dziko la Greece, ndipo mwini wace ankati masiku amenewo ndiwo anamkondweretsa koposa. Nkhondo itatha anakakhala pakati pa anthu osauka, odula mitengo ndi alimi.

Ubwino wa bukuli ndi uwu: likutionetsa m'mene munthuyu anasinthikira. Poyamba iye ankakonda nchito za ngozi zokha, monga ija ya pa ciyambi pa buku, pamene athamangira kunkhalango kukapulumutsa munthu wopsinjidwa ndi mtengo. Koma pang'ono ndi pang'ono anazindikira kuti wodwala safuna mankhwala okha. Afunanso munthu womumvera, womdziwa iye ndi a pabanja pace, ndi comwe cimdetsa nkhawa usiku. Berger akufotokoza izi ndi mau ofatsa, osathamanga, ndipo zithunzi za Mohr zikunena zimene colembera sicikanatha kunena. Pamapeto mlembi akufunsa funso lolimba: kodi nchito yocepetsa zowawa za munthu tingaiyese ndi muyeso wanji?

Komabe bukuli liri ndi cirema cimodzi. Mlembi akubvomera kuti dotoloyu nthawi zina ankagwidwa ndi nthenda ya cisoni cacikuru, imene inkamfoketsa kwa masabata ambiri. Nanga pa masiku oterowo ankamgwiriziza ndani? Anali mkazi wace, amene ankasamala nyumba ndi kuthandiza pa nchito ya cipatala. Koma mayi ameneyu bukuli likungomchula pang'ono cabe, ngati kuti dotolo ankaima yekha monga mtengo wa m'dambo.

Zimene zinacitika pambuyo pace ndizo zinaulula cirema cimeneci. Mayiyo anamwalira m'caka ca 1981, ndipo m'caka ca 1982 dotolo uja anadzipha, patapita zaka 15 cisindikizire buku. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Mlembi anaona denga, nayamika mutu umodzi, osayang'ana mzati umene unali pambali.

Kodi tsono tinene kuti dzina la bukuli ndi labodza? Iai. Munthu amene anapeza nchito yoikonda ndi mtima wonse, nakhulupiridwa ndi mudzi wonse, anali ndi mwayi ndithu. Koma mwayiwo unali ndi mtengo wace, ndipo sanalipire yekha.

Inu owerenga, mukaona dotolo, namwino kapena mzamba wa kwanu akudzuka pakati pa usiku cifukwa ca inu, dzifunseni kuti iyeyo akatopa amtonthoza ndani. Funso limeneli bukuli silinayankhe, koma ndi lomwelo latiphunzitsa kulifunsa.