Luso la phiko lothamanga m'thovu

Mlimi wa kudimba ku Mitundu kapena ku Nathenje akaika pampu ya injini pamtunda kwambiri, madzi ali pansi patali, pampuyo imayamba kulira mwachilendo, ndipo pakapita miyezi mapiko ake a m'kati amapezeka atakumbikakumbika. Nthawi zina wadya chitsulocho si mchenga ayi, koma thovu. Madzi akakokedwa mwamphamvu amawira ngakhale ali ozizira, n'kubala timathovu ta nthunzi. Timathovuto tikaphwera pa chitsulo timachigogoda kosaleka mpaka kuchibowola. Akatswiri amati cavitation.

Vuto lomweli linasautsa Charles Parsons ku Britain mu 1894, pamene boti lake la Turbinia linakanika kufika liwiro limene ankayembekezera. Madzi amalemera pafupifupi ka 800 kuposa mpweya, motero chilichonse chothamangamo amachigwira zolimba. Ena anaika mapiko pansi pa boti kuti alinyamule pamwamba pa madzi, koma liwiro likayandikira makilomita 90 pa ola, thovu lija limabuka pa mapikowo n'kuwalanda mphamvu.

Apa m'pamene luso la Marshall Tulin, wa ku David Taylor Model Basin ku America, limagometsa. Masamu amene anatulutsa mu 1953 anaonetsa mmene thovu lalikulu limakhalira kumbuyo kwa chinthu chothamanga m'madzi, ndipo anatsegula njira yoti m'malo molithawa, amisiri alikulitse dala.

Taonani phiko lopangidwa motsatira nzeruyi. Likadulidwa pakati limafanana ndi nkhwangwa: kutsogolo lakuthwa, kumbuyo lonenepa ndi lodukiza. Kuthwako kumang'amba madzi pa mzere umodzi womwe mmisiri wasankha, ndipo thovu limayambira pomwepo n'kuphimba msana wonse wa phiko. Limakaphwera kutali kumbuyo, kumene kulibe chitsulo choti lidye. Mimba ya phiko, yomwe yokha imakhudza madzi, amaikumba mopindika pang'ono kuti ikankhire madzi pansi ndi kunyamula boti. Kunenepa kwa kumbuyo kuja kumalimbitsa phiko, koma madzi sakudziwa n'komwe chifukwa kwabisala m'thovu. Mmisiri akanola mopitiriza, mlomo umapindika. Akanenepetsa msana, umatuluka m'thovu n'kuyambanso kukoka madzi.

Nzeruyi yabala zipatso. Bomba la pansi pa madzi la Shkval, lomwe Soviet Union inayamba kugwiritsa ntchito mu 1977, limadzikuta ndi mpweya wotuluka kumphuno kwake n'kuthamanga makilomita oposa 300 pa ola. Mu Novembala 2012, ku Walvis Bay m'dziko la Namibia, Paul Larsen anafika makilomita 121 pa ola ndi Vestas Sailrocket 2, boti loyendera mphepo yokha, lokhala ndi phiko lodukiza kumbuyo lomwe limakokera mpweya m'madzi.

Phikoli lili ndi polephera pake: pa liwiro lochepa thovu silikwanira, ndipo phikolo limagonja kwa phiko wamba. Linapangidwira ntchito imodzi, ndipo pa ntchitoyo n'lovuta kulipikisa. Koma pampu ya kudimba sinapangidwire thovu, choncho ikayamba kulira chonchija, itsitsireni pafupi ndi madzi.